Mafunso ndi mayankho: kuphunzitsa ndi kufufuza za malamulo oyendetsera dziko kuno ku Zomba

Ine ndimaphunzitsa maphunziro a zandale kuno ku Zomba, ndipo mbali yomwe mtima wanga unagwerapo ndi ya malamulo oyendetsera dziko. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe sachoka m'makutu mwanga. Ena amafunsa ophunzira sabata yoyamba ya semesita, ena amafunsa makolo awo, ena ndimakumana nawo pasiwa kapena mu minibasi yopita ku Limbe, munthu akangomva ntchito yomwe ndimagwira. Ndawasonkhanitsa pamodzi kuti wondifunsanso ndizingomulozera pano.

Kodi malamulo oyendetsera dziko n'chiyani? Si malamulo ngati ena onse?

Ayi. Malamulo a pamsewu, a malo kapena a misonkho amauza inu ndi ine zoyenera kuchita. Awa amauza boma. Amanena komwe mphamvu zolamulira zimachokera, woyenera kuzigwira, zaka zomwe azigwire, ndi pomwe ayenera kulekezera. Ena amati konsitichushoni, ena amati malamulo aakulu a dziko, koma chinthu chake n'chimodzi.

Magawo awiri ndimafuna wophunzira aliyense awaloweze. Gawo 5 limati lamulo lililonse, kapena chilichonse chomwe boma lachita, chikasemphana ndi malamulowa ndiye kuti chilibe mphamvu. Gawo 12 limati ulamuliro wonse umachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo amene ali pa mpando anangosungitsidwa. Kumudzi izi sitivutika kuzimvetsa. Mbuzi yosungitsidwa suipha pa Khirisimasi mwini wake asakudziwa.

Inu si loya. Nanga mumaphunzitsa bwanji malamulo?

Funso ili limabwera ndi kakuseka pang'ono, makamaka kwa anzathu a zamalamulo. N'zoona, ine sindivala mkanjo kukaima pamaso pa jaji. Loya amafunsa kuti gawo ili likuti chiyani, ndipo makhoti analimasulira motani. Ife a zandale timafunsa kuti analilemba ndani, ankaopa chiyani, likupindulira ndani, ndipo n'chifukwa chiyani magawo ena amatsatidwa pamene ena amangogona m'buku.

Nachi chitsanzo. Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analifufuta mu 1995. Munalinso nyumba yachiwiri ya malamulo, Seneti, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana. Sinakhazikitsidwe n'komwe, ndipo mu 2001 anaichotsa. Loya akuuzani kuti magawowo kulibe, nkhani yatha. Kwa ine nkhani yayambira pomwepo, chifukwa zinthu ziwiri zomwe zinachotsedwazo n'zomwe zikanawayang'anira eni ake ochotsawo.

Malamulo tili nawowa analemba ndani, ndipo liti?

Dziko lino lakhala ndi malamulo oyendetsera dziko atatu chilandirire ufulu. Oyamba ndi a 1964. Achiwiri ndi a 1966, pomwe tinakhala lipabuliki ya chipani chimodzi cha MCP, ndipo mu 1971 Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Achitatu ndi omwe tili nawowa.

Njira yake inali yaminga. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula momwe zinthu zinkayendera. Pa 6 Epulo chaka chomwecho Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 panachitika riferendamu, nyali ya matipate kupikisana ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha matipate. Kenako zipani zinakhala pamodzi mu National Consultative Council, ndipo m'miyezi yochepa chabe malamulo atsopano analembedwa. Chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, malamulowo n'kuyamba kugwira ntchito mawa lake, mongoyembekezera kwa chaka chimodzi. Anakhazikika kotheratu pa 18 Meyi 1995.

Liwiro limeneli ndi lomwe ndimafuna ophunzira aliganizire. Olembawo anali andale omwe chisankho chinali chitawayandikira, aliyense akudziona ali ku State House. Anaikamo ufulu wambiri chifukwa mabala a chipani chimodzi anali asanapole. Koma mpando wa pulezidenti anausiya ndi mphamvu zochuluka, poti palibe amene amafupikitsa miyendo ya mpando womwe akuyembekeza kukhalapo yekha.

N'chifukwa chiyani mumati Zomba ndi malo abwino ophunzirira zimenezi?

Chifukwa kuno mbiri yake umaiponda ndi mapazi. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo ngakhale likulu litasamukira ku Lilongwe, aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka nthawi ya matipate. Nyumba yakale ya malamulo ikadalipo m'tsinde mwa phiri. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga anagwidwa kuno ku Zomba, n'kukapezeka atafa ku Mwanza. Orton Chirwa, yemwe anaweruzidwa kuti aphedwe ndi khoti la mafumu mu 1983, anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992. Ukatuluka m'tauni pang'ono pali Mikuyu, komwe anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, anakhala kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991.

Ndikamaphunzitsa za gawo loletsa kutsekera munthu popanda mlandu, sindifunika kubwereka chitsanzo cha dziko lina. Ndimangoloza chakum'mawa.

Kuwonjezera apo, nyumba yosungira zikalata zakale za boma, National Archives, ili konkuno, ndipo bwalo lalikulu la milandu limakhalanso kuno.

M'kalasi mumaphunzitsa chiyani kwenikweni?

Timayamba ndi mbiri yomwe ndaifotokoza pamwambapa. Kenako nthambi zitatu za boma zomwe zili m'magawo 7, 8 ndi 9: pulezidenti ndi nduna zake, nyumba ya malamulo, ndi makhoti. Tikachoka apo timalowa m'mutu wachinayi, wa ufulu wachibadwidwe, komanso gawo 44 lomwe limanena pomwe ufulu ungachepetsedwe. Timamaliza ndi mabungwe oyang'anira boma, monga ofesi ya Ombudsman, bungwe la ufulu wachibadwidwe ndi bungwe loyendetsa zisankho.

Sindilola wophunzira kungowerenga zomwe ena analemba zokhudza chigamulo. Awerenge chigamulo chenichenicho, ngakhale chikhale chachitali. Poyamba amadandaula, koma pakutha pa semesita amakhala atazindikira kuti majaji nawonso amatsutsana, amasintha maganizo, ndipo nthawi zina amazemba funso lovuta. Tsiku lina ndimagawa kalasi pawiri, mbali ina ikhale boma, ina ikhale odandaula, ndipo ndimaonetsetsa kuti aliyense aimire mbali yomwe sagwirizana nayo. Tsiku limenelo phokoso limamveka mpaka panja.

Khoti la konsitichushoni lili kuti? Ku Blantyre kapena ku Lilongwe?

Palibe nyumba yotchedwa choncho. Ndi bwalo lalikulu lomwelo. Mkulu wa majaji akatsimikiza kuti mlandu ukukhudza kumasulira malamulo oyendetsera dziko, umamvedwa ndi majaji osachepera atatu m'malo mwa mmodzi. Wosakhutira amapita ku bwalo lalikulu la apilo, lomwe ndi lomaliza.

Chigamulo cha 2020 chija chinasintha chiyani? Majaji sanalembe lamulo lawolawo?

Ili ndi funso lomwe limatidyera nthawi yambiri, ndipo sindidandaula nalo.

Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 bungwe loyendetsa zisankho linalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti pafupifupi 38.6 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35.4, Saulos Chilima 20.2. Awiriwa anakadandaula ku khoti. Mlandu unkaulutsidwa pa wailesi, ndipo amene analipo akukumbukira momwe akabaza, ogulitsa tomato ndi ometa tsitsi anasandukira maloya. Mawu akuti tipeksi ndi madando anafika mpaka kumidzi. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, anafafaniza zotsatirazo, n'kulamula kuti chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150. Bwalo la apilo linagwirizana nawo pa 8 Meyi, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni 2020.

Kufafaniza chisankho ndi mbali imodzi. Mbali yomwe itikhalitse ndi kumasulira kwa gawo 80(2), lomwe nthawi imeneyo linkati pulezidenti asankhidwe ndi anthu ambiri. Funso linali lakuti, ambiri ake ati? Mu 2000, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba, bwalo la apilo linati wapambana ndi amene waposa anzake, ngakhale asafike theka. N'chifukwa chake Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi mng'ono wake Peter mu 2014 analamulira ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mu 2020 makhoti anati ayi, mawuwo amatanthauza kupitirira theka la mavoti onse. Ndiye 50+1 imene mumaimvayo.

Tsono kodi majaji analemba lamulo? Odandaula choncho sindiwanyoza, ali ndi mfundo. Mu Disembala 2017 aphungu anali atakana bilu ya 50+1, ndiye wina akhoza kunena kuti khoti linalowetsa pawindo chomwe nyumba ya malamulo inakana pakhomo. Koma ine ndimaona kuti kumasulira mawu omwe ali kale m'malamulo ndi ntchito yomwe gawo 9 linapereka kwa makhoti, ndipo aphungu sangasinthe tanthauzo la konsitichushoni pongokana bilu. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'china. Dziko lomwe mkangano uliwonse waukulu wa ndale umathera ku khoti limasenzetsa majaji katundu wolemera, ndipo andale amayamba kuyang'anitsitsa kuti akusankhidwa kukhala jaji ndani. Chinanso, 50+1 yakakamiza zipani kupanga migwirizano, pomwe malamulo athu sanena chilichonse pa momwe mgwirizano uyenera kuyendera ukalowa m'boma. Ndani akukakamiza mnzake kusunga lonjezo? Palibe gawo loyankha.

Sekishoni 65 timangoimva. N'chifukwa chiyani aphungu amasinthabe zipani osachotsedwa?

Gawo 65 limati phungu amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani, n'kuchisiya mwakufuna kwake kapena kulowa china chomwe chili m'nyumba ya malamulo, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli wopanda munthu. Phungu amene anapambana ngati woima payekha gawoli silimutchula.

Pa pepala n'zomveka. Koma kumbukirani 2005. Bingu anatuluka mu UDF, chipani chomwe chinamulowetsa m'boma, n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu ambiri anamutsatira. Mu Juni 2007 bwalo la apilo linati gawo 65 n'lovomerezeka. Otsutsa anati Sipikala agwire ntchito yake kaye, apo ayi bajeti sidutsa. Aphungu okhudzidwa anathamangira ku khoti kukatenga ziletso. Dziko linagawanika, ena akuti sekishoni 65 patsogolo, ena akuti bajeti patsogolo, mpaka chisankho cha 2009 chinafika nkhaniyo isanathe.

Vuto lake ndi lakuti amene ayenera kuligwiritsa ntchito gawoli ndi wandale, ndipo chipani chilichonse chimalikonda chikakhala kotsutsa, n'kuliiwala chikalowa m'boma. Taonaninso zomwe ndanena za gawo 64 pa funso lachiwiri. Anthu akanakhala ndi mphamvu yochotsa phungu okha, sitikanadikira Sipikala.

Kodi malamulowa angasinthidwe? Nanga teremu yachitatu ingatheke?

Angasinthidwe, ndipo asinthidwapo kangapo. Njira zilipo ziwiri. Magawo ambiri amasinthidwa aphungu awiri mwa atatu alionse akavomereza, malinga ndi gawo 197. Magawo otetezedwa, monga a ufulu wachibadwidwe, amafuna riferendamu malinga ndi gawo 196, pokhapokha ngati kusinthako sikukhudza tanthauzo lake.

Gawo 83(3) limapatsa pulezidenti materemu awiri otsatizana a zaka zisanu. Mu Julayi 2002, nthawi ya Bakili Muluzi, bilu yochotsa malire amenewa inaperewera mavoti atatu okha. Ndimabwereza kwa ophunzira: atatu okha. Mipingo, mabungwe, maloya ndi ophunzira a m'makoleji anachita phokoso lalikulu, ndipo atayeseranso ndi bilu ya teremu yachitatu kumayambiriro kwa 2003, sinapite patali. Mu 2009 a Muluzi anafuna kuimanso ponena kuti apumulako, koma khoti linawakaniza.

Zonsezi n'za akuluakulu a ndale. Munthu wamba wa ku Chinamwali kapena ku Jali zimamuthandiza chiyani?

Mukukumbukira vakabu? Munthu ankagwidwa chifukwa chongopezeka akuyenda usiku kapena m'mamawa. Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda mumsewu ku Blantyre, anagwidwa choncho akupita kokachita geni yake. Sanangolipira n'kukhala chete. Nkhani inafika ku bwalo lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji anati ndime ya malamulo a milandu yomwe anamugwirira ikusemphana ndi konsitichushoni. Lamulo limenelo linali lochokera kwa atsamunda.

Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linati si zoona kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha aziweruzidwa kuti aphedwe jaji asanamve zomwe zinachititsa. Akaidi ambiri, ena mwa iwo a m'ndende ya Zomba yomweyi, milandu yawo inaunikidwanso. Mu 2023 bwalo lalikulu konkuno ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asamakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo.

Ndipo pali gawo 42, lomwe ndikanakonda likanamatidwa pa khoma la sitolo iliyonse. Munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chinenero chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Kuti zimatsatidwa nthawi zonse, sindinganame. Koma wachibale amene wafika pa kauntala akudziwa za maola 48 amalankhulidwa mosiyana ndi amene wangofika ndi nsima ya womangidwayo.

Nanga miyambo yathu ndi mafumu? Malamulowa si achizungu?

Gawo 26 limateteza chikhalidwe ndi chinenero cha munthu aliyense, ndipo malamulo a makolo akugwirabe ntchito bola asasemphane ndi konsitichushoni. Posemphana ndi pomwe pamabuka fumbi. Mpaka 2017 malamulowa ankalola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomereza. Aphungu anasintha, ndipo tsopano mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mafumu ena anali patsogolo pa nkhondo imeneyi, ndiye musamati mwambo ndi ufulu n'zosayendera limodzi nthawi zonse.

Pa za chizungu, pali pomwe ndimavomereza. Gawo 51 limafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. M'khoti mlandu umayenda m'Chingerezi, mwini mlandu n'kumamvera kwa womasulira. Malamulo omwe amati mphamvu ndi za anthu amalankhula chinenero chomwe anthu ambiri sachimva bwino. Chimenechi chimandiwawa, ndipo n'chifukwa chake tsambali ndalemba m'Chichewa.

Simuopa kuphunzitsa zinthu zokhudza olamulira?

Gawo 33 limatchula ufulu wa maphunziro mwachindunji, pamodzi ndi ufulu wa chipembedzo ndi wa maganizo. Olemba ake ankakumbukira nthawi yomwe m'kalasi munkakhala makutu a boma.

Ufuluwu unayesedwa mu 2011. Mu Febuluwale chaka chimenecho Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kuti akafotokoze chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zomwe zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi ananyanyala ntchito, akufuna chitsimikizo choti m'kalasi simudzakhalanso akazitape. Anayi anachotsedwa ntchito, pakati pawo a Chinsinga eni ake ndi Jessie Kabwila, yemwe ankatsogolera bungwe la aphunzitsi. Mkanganowo unatenga pafupifupi miyezi isanu ndi itatu, ndipo anayiwo anabwezeretsedwa pa ntchito chakumapeto kwa chakacho.

Ophunzira anga ambiri anali ku pulayimale nthawi imeneyo, ena asanayambe n'komwe sukulu. Ndimawafunsa funso limodzi: amene anakanena zomwe zinayankhulidwa m'kalasi muja anali ndani? Amayang'anana, n'kuseka mwamanyazi.

Kafukufuku wa malamulo oyendetsera dziko amachitika bwanji? Si kungowerenga mabuku?

Kuwerenga kulipo, ndipo n'kochuluka. Zigamulo zambiri tsopano zimapezeka pa intaneti, pa tsamba la MalawiLII. Zokambirana za aphungu zimalembedwa mu Hansard, ndipo kuti umve chomwe ankaganiza pochotsa Seneti uyenera kuwerenga mawu awo enieni. Zakale kwambiri ndimakazifuna ku National Archives, komwe umatha tsiku lonse ukutsegula mafayilo onunkha fumbi n'kupezamo chiganizo chimodzi chokha chothandiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbali ina ndi kufunsa anthu. Kafukufuku wa Afrobarometer, yemwe amafunsa nzika za m'maiko ambiri a mu Africa maganizo awo pa demokalase ndi ulamuliro, kuno wakhala akuyendetsedwa ndi Centre for Social Research ya konkuno ku Zomba. Zotsatira zake ndi zaulere kwa aliyense. Koma manambala amakuuza kuchuluka kwa okhulupirira makhoti, osati chifukwa chake. Ndiye ndimapitanso kukakhala pansi ndi mafumu, makhansala, aphungu opuma ndi amayi a m'magulu a banki m'khonde. Aphungu opuma ndi amene amalankhula momasuka kuposa onse, poti alibenso choteteza.

Funso lomwe ndikulimbana nalo panopa ndi ili: n'chifukwa chiyani magawo ena amalimba pamene ena amafooka? Malire a materemu analimba. Mu Epulo 2012, Bingu atamwalira, panali ofuna kutsekereza wachiwiri wake Joyce Banda, koma gawo 83(4), lomwe limati wachiwiri alowe m'malo mwa pulezidenti, linatsatidwa ndipo analumbiritsidwa pa 7 Epulo. Gawo 65 ndiye laona zomwe ndafotokoza kale. Zomwe ndapeza mpaka pano n'zakuti gawo limalimba ngati anthu wamba akulimvetsa mosavuta ndipo pali magulu okonzeka kulimenyera, kuphatikizapo ena a m'chipani cholamula chomwe. Gawo lomwe woliteteza wake ndi yemweyo amene limamuluma, silichedwa kugona.

Ndiye inuyo muli mbali ya chipani chiti?

Voti yanga ndi yachinsinsi ngati yanu. M'kalasi mwanga chipani chilichonse chomwe chinalamulirapo chimatuluka ndi mabala, ndipo pa zaka zomwe ndaphunzitsa ndanenedwapo kuti ndine wa chipani chilichonse.

Mwana wanga akufuna maphunziro amenewa. Adzadya chiyani?

Makolo amafunsa motsitsa mawu, ngati akupepesa. Osapepesa, fizi ndi yanu. Choyamba siyanitsani njira ziwiri. Wofuna kukhala loya kapena jaji ayenera digiri ya zamalamulo, kenako maphunziro ena omukonzekeretsa asanaloledwe kuimira anthu m'khoti. Digiri ya zandale simupatsa chilolezo chimenecho. Ophunzira athu amapita m'maofesi a boma ndi m'makhonsolo, ku nyumba ya malamulo, m'mabungwe omwe si aboma, m'nyumba zoulutsa mawu, ndipo ena amakhala ochita kafukufuku. Ntchito n'zosowa, monga zilili kwa omaliza maphunziro ambiri, ndipo amene amapeza msanga ndi amene amalemba bwino komanso saopa manambala. Kusankhidwa kupita ku mayunivesite a boma kumadzera ku National Council for Higher Education, ndiye zofunika pa chaka chimenecho mukaone kumeneko.

Ndili ndi mlandu wa malo ndi achibale. Mungandithandize?

Ili ndi lomwe limabwera pomaliza, nthawi zambiri minibasi ikuyandikira pa siteji. Pepani, sindingathe, pa chifukwa chomwe ndanena pa funso lachiwiri. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi kuno ku Zomba. Ngati dandaulo lanu ndi lakuti ofesi ya boma yakuchitirani zosalungama, lemberani Ombudsman, salipiritsa. Popita tengani pepala lililonse lomwe muli nalo, ngakhale kalata ya amfumu yolembedwa pamanja, ndipo lembani masiku omwe zinthu zinachitika musanawaiwale.